Tangier

Tangier ndi mzinda wa padoko kumpoto kwa Morocco, kumene munthu amaona mapiri a Spain tsidya la nyanja kukacha bwino. Apwitikizi adaulanda mu 1471, naupereka kwa Angerezi monga mphatso ya ukwati wa Mfumu Charles II; koma popeza mlendo ndi mame, Angereziwo adachoka mu 1684, ndiponso ulamuliro wina wa maiko achilendo, umene udapanganidwa mu 1923, udatha mu 1956. Wapaulendo akafika pa bwalo la Grand Socco amamva amalonda akunenerera mitengo m'Chiarabu, Chifalansa ndi Chisipanishi. Komatu asachoke asanalowe m'tchalitchi cha St Andrew chili pafupipo, m'mene Pemphero la Ambuye lidalembedwa m'Chiarabu pamwamba pa khomo lolowera ku guwa.