Masiku amene kompyuta ya pa Boma la Ntcheu inkakana kuimba

Adzukulu anga, ndi inu ana a alongo anga amene mwabalalikira ku Lilongwe, ku Blantyre mpaka ku Joni, inu mukudziwa Ntcheu wa lero, wa foni m'thumba la aliyense, wa anyamata ogulitsa mbatatesi pa Lizulu ali ndi tizingwe m'makutu. Msewu ndi womwewu, phiri la Mvai silinasunthe, chisanu cha ku Tsangano mu June chikadali chija chong'amba milomo, koma zilipo zimene simunazione, ndipo ndikapanda kukusimbirani ndipita nazo kuli chete. Khalani pansi ndikuuzeni za makompyuta oyamba aja, ndi thukuta limene tinkakhetsa kuti atulutse mawu.

Yambani mwaidziwa nthawi yake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inali itafika pakhomo pathu penipeni, poti mukudziwa kuti kumtunda kuja, popita ku Dedza, msewu wa M1 ndiwo malire. Tsidya lina kunali mabwinja a masitolo, tsidya lino timisasa ta abale athu othawa nkhondo, anthu a chilankhulo chathu ndi mfunda zathu zomwe, amene tinkagawana nawo mgaiwa ndi nyemba, ndipo usiku mfuti ikalira cha ku Biriwiri amayi ankazimitsa koloboyi n'kukumbatira ana. Pambuyo pa anthuwo panabwera a UNHCR ndi mabungwe ena, ndi magalimoto awo oyera ndi makina awo. Mtendere unasainidwa ku Rome mu October 1992, ife tinavota riferendamu pa 14 June 1993, chisankho chinabwera mu 1994, alendo athu n'kubwerera kwawo. Kompyuta imene ndinayamba kuigwira ine, ndili kalaliki pa ofesi ina pa Boma, inali yotsala ya nthawi imeneyo.

Inali ya mtundu wa 386, yotuwa, yolemera, ndipo tinkaiopa. Poweruka tinkaifunditsa nsalu kuopa fumbi la mu October, ndipo mvula ikangoyamba kugunda kumapiri a Kirk Range tinkathamangira kukazula mawaya kukhoma, pakuti mphenzi ya kuno sifunsa mtengo wa chinthu. Amayi otayipa ankaiyang'ana ndi diso lofiira poganiza kuti yabwera kudzawalanda ntchito. Tinkamvanso za ma virus oyenda pa madisiketi, Stoned ndi Michelangelo, wachiwiriyu wodzuka pa 6 March n'kuononga zosungidwa, moti tsiku limenelo ena sankayatsa n'komwe. Koma mantha aakulu anali ena. Tinali tikungotuluka m'masiku amene munthu ankayamba wacheuka asanatchule dzina la mtsogoleri, choncho itamveka mbiri yoti makinawa akhoza kusunga mawu a munthu, akuluakulu ena akalowa mu ofesi ankayankhula monong'ona.

Chikhalirecho kompyutayo payokha inalibe mawu enieni. M'mimba mwake munali kasipika kakang'ono kongolira kuti tswii poyatsa kapena ukalakwitsa. Kuti iimbe pankafunika khadi yapadera yobaya mkati, monga AdLib ya ku Canada imene inatuluka mu 1987, kapena Sound Blaster ya kampani ya Creative ya ku Singapore imene inatuluka mu 1989 n'kulanda msika wonse. Khadi nayo siinkagwira yokha, inkafuna kapulogalamu kake kotchedwa driver, komvanitsa khadiyo ndi makina onse. Tsono makhadi ambiri ankatipeza atadutsa m'manja ambiri, bokosi ndi madisiketi ake zitatayika kalekale, ndiye munthu unkangodalira mapulogalamu otola uku ndi uku.

Mudzafunsa kuti nanga kalaliki ankafuniranji nyimbo pa makina olembera malipoti. Ana anga, ife ndife Angoni a kwa Gomani, ngoma ili m'magazi, ndipo pafupi pomwepa pa Balaka a Paul Banda ndi Alleluya Band anali ataonetsa kale kuti nyimbo yojambulidwa kumudzi ikhoza kumveka dziko lonse pa kaseti. Kwaya iliyonse, kuyambira ku Gowa, ku Nsipe, ku Nzama mpaka kutsikira ku Bwanje, inkalota kumva mawu ake akubwereranso. Wailesi inali MBC yokha, kanema wa dziko lino anadzayamba mu 1999. Munthu amene akanatha kusunga nyimbo ya agogo ake, n'kuichotsa phokoso, n'kuibweza pa kaseti, akanakhala atachita chinthu chachikulu.

Mapulogalamuwo ankayenda ulendo ngati anthu. Intaneti inafika m'dziko muno mu 1997, ndipo ngakhale pamenepo inali ya m'tauni, choncho zonse zinkabwera pa disiketi, yokulungidwa m'pepala la pulasitiki m'thumba la malaya, pa basi ya Stagecoach yochokera ku Blantyre, kudutsa pa Zalewa, pa Manjawira pomwe ana ankathamangira basi ndi mipani ya mbewa, ndi pa Chingeni, mwini disiketiyo akudya chimanga chootcha ndi dzanja limodzi, linalo litagwira pamtima kuti katundu wake asapindike. Ena ankatenga kwa anzawo a ku Polytechnic ndi ku Chancellor College, ena pa magazini a ku South Africa ndi ku Britain amene ankabwera ndi disiketi yomatidwa pachikuto. Akafika tinkamulandira ndi tiyi wamkaka ndi zigumu, kapena mbatatesi ya pachiwaya yowaza tsabola, kenaka tonse n'kuunjikana kumbuyo kwa mpando umodzi.

Ambiri mwa mapulogalamu amenewa anali a shareware. Mwambo wake unayamba ku America kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 ndi anthu ngati Andrew Fluegelman, Jim Button ndi Bob Wallace, ndipo unali wofanana ndi wa mayi wofulula masese amene amayamba wakupatsa chipanda kuti ulawe, ukakhutira ndiye ugule. Pulogalamu unkaloledwa kuikopera ndi kupatsa mnzako, koma ukaikonda unkayenera kutumiza ndalama kwa mwini wake, iye n'kukutumizira nambala yotsegulira. Eni ena ankangokukumbutsa ndi uthenga poyatsa, ena ankakupatsa masiku 30, enanso ankatsekeratu mbali zina mpaka utalipira.

Apa ndiye panagona nkhani. Kompyuta ikakhala chete, kapena mbali ina ya pulogalamu ikakana, zifukwa zinali zosiyanasiyana, ndipo luso lonse linali pozindikira ngati chinthucho chadwala kapena mwini wake wachikhoma dala. Amene anatiphunzitsa kusiyanitsa ndi mnyamata wina wa ku Kandeu amene ankaphunzira ku Polytechnic, wofatsa, wotitchula tonse kuti madala, ndipo akabwera patchuthi sankalola kuti titsegule makina tisanaone zapafupi. Kumbuyo kwa khadi kunali mabowo ofanana, la maikolofoni, lolowetsera mawu ndi lotulutsira, ndipo chingwe cha masipika chinkasochera kawirikawiri. Makhadi akale a Sound Blaster analinso ndi kagudumu kokwezera mawu komweko kumbuyo, kamene wopukuta fumbi ankatha kukatembenuza ndi nsanza yake osadziwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masana ambiri ankapulumuka ndi kagudumu kameneka.

Zimenezi zikakhala bwino, tinkatsegula fayilo yotchedwa AUTOEXEC.BAT n'kufunafuna mzere umene mpaka lero ndikhoza kuulemba ndili m'tulo: SET BLASTER=A220 I5 D1. A220 inali adiresi ya khadiyo mkati mwa makina, I5 inali IRQ, njira imene khadi imaitanira kompyuta kuti ndamaliza, ndipatseni zina, ndipo D1 inali njira yodutsa mawuwo pochoka mu memory. Manambala amenewa ankayenera kufanana ndi mmene anaikira timajampa, tizipewa takuda tating'onoting'ono tovekedwa pa timisomali ta pakhadipo. Makhadi oyambirira ankabwera ali pa IRQ 7, nambala yomwenso inali ya bowo la printa, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Nambala ikasemphana, chizindikiro chake chinali chodziwika: mawu ankayamba pang'ono n'kuduka, kapena kachigawo kamodzi kankangobwerezabwereza mpaka makina onse kuuma. Pamenepo tinkazimitsa, kumasula bokosi, kugwira kaye chitsulo chake kuti magetsi a m'thupi asapsereze khadi, n'kusuntha kajampa kupita pa 5. Kakagwa pansi, ofesi yonse inkagwada kukafuna, ndi bwana yemwe.

Nthawi zina vuto linali malo. DOS inkapatsa mapulogalamu 640 KB yokha yogwiriramo ntchito, ndipo driver wa mausi, wa CD ndi wa mawu akalowa onse, pulogalamu yaikulu inkasowa pokhala. MS-DOS 6 itabwera mu 1993 ndi MEMMAKER wake wosamutsira ma driver kumtunda, tinapumako.

Zinalipo zina zooneka ngati zokhomedwa pamene sizinali choncho. Microsoft inali ndi driver waulere wa Windows 3.1 wochititsa kasipika kam'mimba kaja kutulutsa mawu a munthu popanda khadi, mawu ake osasa koma omveka. Ankangoimba masekondi ochepa n'kusiya, ndipo poimbapo mausi inkauma. Ambiri ankati mwini wake akufuna ndalama, pamene zonse ziwiri zinali zosintha wekha mu Control Panel, pena kutalikitsa nthawi, pena kulola kuti makina azigwira zina uku akuimba, ngakhale mawuwo ankaipirako. Chinanso chinali kabatire ka wotchi ya mkati. Kakatha mphamvu, kompyuta inkadzuka ikuganiza kuti ndi 1980, ndipo pulogalamu yowerenga masiku 30 inkasokonezeka, mwina kukana kutseguka tsiku lake lisanakwane.

Mawu ena pa menyu akaoneka otuwa, osadinika, tinkafunsa mafunso awiri. Loyamba, kodi khadi yathu ikhoza kuchita zimenezi? Sound Blaster yoyamba inali ya 8-bit ndi mono, stereo inadza ndi Sound Blaster Pro mu 1991, 16-bit ndi Sound Blaster 16 mu 1992, ndiye panalibe nambala yotsegulira imene ikanapatsa khadi yakale mphamvu imene inalibe. Lachiwiri, kodi mwini wake wanena chiyani? Pa disiketi iliyonse pankakhala fayilo ya README ndi fomu yolembetsera, ndipo mmenemo ankalemba poyera zimene watseka. Safunsa anadya phula. Anthu ankatha sabata akusuntha timajampa pa chinthu chimene chinalembedwa pa mzere wachitatu wa fayilo imene sanaitsegule.

Imene ndimaikumbuka kwambiri ndi Cool Edit 96 ya kampani ya Syntrillium, imene tinaipeza titalandira makina a Windows 95. Ukakhala sunalipire, poyatsa inkakuonetsa magulu a ntchito zake n'kukuuza kuti usankhe awiri okha, ndipo kusunga ntchito yako linali limodzi mwa maguluwo. Choncho nyimbo imodzi ya kwaya tinkaikonza pang'onopang'ono: kusankha kusunga ndi kuchotsa phokoso, kusunga, kutseka, kuyatsanso, kusankha kusunga ndi kukweza mawu, choncho mpaka dzuwa kulowa kuseri kwa phiri. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Disiketi inkanyamula 1.44 MB, pamene mphindi imodzi ya mawu abwino ngati a pa CD imadya pafupifupi 10 MB, ndiye pomaliza zonse zinkabwerera pa kaseti.

Musaganize kuti sitinkafuna kulipira. Mtengo unkalembedwa m'madola, ndipo kwacha italekedwa kuti iziyenda ndi msika mu 1994 inagwa kwambiri, moti ndalama yochepa kwa mwini pulogalamu inali thumba la feteleza kwa ife. Khadi ya kubanki yolipirira kunja panalibe amene anali nayo pakati pathu. Pankafunika kupita kubanki, kudzaza mafomu opempha ndalama zakunja, kutenga bank draft, kuitumiza pa positi n'kudikira miyezi, osadziwa ngati yafika. Ena ankabweza kalendala ya kompyuta m'mbuyo kuti masiku 30 asathe, koma zimenezi zinkasokoneza madeti a makalata ndi mabuku a ndalama. Ena ankapatsana manambala otsegulira a eni ake. Ine zimenezi sizinkandikomera, pakuti anthu aja anatikhulupirira osationa, ndipo ambiri anali munthu mmodzi wogwira ntchito usiku m'nyumba mwake. Eni mapulogalamu sanatilakwire, ifenso sitinali akuba mumtima, chimene chinkasowa ndi njira yoti ndalama ya munthu wa ku Ntcheu ikafike kwa iwo.

Zinthu zinasintha msanga. Makina atsopano anayamba kubwera ndi mawu ake kale, timajampa tinatha, Audacity yaulere inatuluka mu 2000, ndipo Cool Edit inagulidwa ndi Adobe mu 2003 n'kukhala Audition imene ena mwa inu mukugwiritsa ntchito m'ma studio.

Tsono pempho langa ndi ili. M'masutikesi a makolo anu, kwa Njolomole, kwa Kwataine, kwa Champiti, kwa Ganya ndi kwa Mpando, muli makaseti a makwaya, a ngoma ndi a maukwati ojambulidwa m'zaka zimenezo, ndipo chinyezi cha kumapiri kuno chikuwadya chaka ndi chaka. Mukabwera pa Khrisimasi kawafunseni, muwasamutsire pa makina anu, ndipo mulembe mayina a oimbawo pamene owazindikira mawu akadali moyo.