Mndandanda wa AP wa ligi isanayambe

Uwu ndi mndandanda wa matimu 25 a m'mayunivesite a ku United States amene amasewera mpira wa football wa Chimereka, uja wothamanga nawo m'manja. Bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press (AP) limautulutsa mwezi wa Ogasiti, masewero asanayambe. Ovota ndi atolankhani a zamasewero: pa voti iliyonse, timu yoikidwa pamwamba imalandira mapointi 25, yotsatira 24, mpaka yomaliza kulandira imodzi. Bungweli linayamba kusanja matimu mu 1936, koma kusanja ligi isanayambe kunadza mu 1950.

Ovota amayang'ana osewera amene atsala, achinyamata ochokera kusekondale, ndiponso mphunzitsi ngati wasintha. Chiyambire 2018, pamene kusamuka kwa osewera kunayamba kuyenda kudzera m'dongosolo lotchedwa transfer portal, kulosera kwavuta zedi, chifukwa timu imatha kusintha nkhope m'miyezi yochepa.

Mndandandawu umalemekezedwa mopitirira muyeso. Mu 2012 University of Southern California inayamba pa nambala 1, koma inagonja kasanu ndi kamodzi n'kutha chaka ili kunja kwa mndandanda. Mu 2007 Michigan inali pa nambala 5, ndipo inagwa pamasewero oyamba omwe, Appalachian State itaigonjetsa 34-32.

Matimu olimbirana chikho cha dziko sasankhidwa ndi mndandandawu. Amasankhidwa ndi komiti ya College Football Playoff.