Kulonda m'Chigwa cha Shire: Kuchokera pa Chilindo Kufika pa Kamera

Makamera achitetezo opanda mawaya, aja munthu amakhomerera pakhoma kapena pamtengo n'kumaonera pakhomo pake pa foni, abwera nthawi imene anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje atopa ndi akuba ng'ombe, othyola magolosale ndi ozula masola padenga. Mwini golosale wa pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula akamva kuti pali kachipangizo kosagona tulo, kotha kuona ngakhale mumdima, sangalephere kutchera khutu. Koma chigwachi chili ndi mbiri yaitali ya kulonda, ndipo mbiriyo imanena chinthu chimodzi mobwerezabwereza. Kuona mdani sikunawavutepo anthu a kuno. Chimene chakhala chikusiyanitsa mudzi wotetezeka ndi mudzi wogona khutu lili kunja n'chakuti woona uja akakuwa abwera ndani, ndiponso kuti diso lolondalo likumvera yani. Kamera nayo iyenera kuyesedwa ndi muyeso womwewo.

Ulonda wakale kwambiri m'chigwachi unali wa m'munda. Amang'anja ankalima mapira ndi mchewere kumphala nthawi ya dzinja, madzi akaphwa n'kutsikira kudimba kukabzala chimanga, nyemba ndi maungu, monga mmene Elias Mandala anafotokozera m'buku lake la mu 1990 la mbiri ya alimi a m'chigwachi. Minda yonse iwiri inali ndi adani ake. Mapira akayamba kucha mbalame zinkagwa ngati mtambo, anyani ankatsika m'mapiri, ndipo usiku mvuu zinkatuluka mu Shire n'kumaliza dimba lonse kusanache. N'chifukwa chake ankamanga chilindo, kansanja ka mitengo kofolera ndi udzu, pomwe ana ankaswera masana akuponya miyala ndi kukuwa, akuluakulu n'kugonapo usiku moto uli pansi. Mnyamata wa pachilindo analibe mphamvu yothamangitsa mvuu, ngakhalenso njovu za ku Dabanyi, dambo lija Azungu anadzalitcha Elephant Marsh. Mphamvu yake inali kukhosi. Akakuwa, a pachilindo choyandikana ankayankha, mfuu n'kuyenda munda ndi munda mpaka anthu atuluke ndi zikuni zamoto ndi zoimba. Wakuba wamiyendo iwiri akagwidwa, nkhani inkapita kubwalo la nyakwawa, komwe eni ake a wakubayo ankalipira. Woona, oyankha ndi oweruza anali anthu a mudzi umodzi, odziwana mayina.

Dongosolo limeneli linasweka m'zaka zochepa chabe. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza chigwa chodzaza midzi, anthu akulima thonje, kuwomba nsalu ndi kutcheza mchere. Pofika 1863 ankalemba za mitembo yoyandama pamtsinje. Pakati pa zaka zimenezi panagwa zinthu ziwiri: chilala choopsa cha mu 1862 ndi 1863, ndi nkhondo za ogwira akapolo, makamaka gulu la Paul Mariano, amene Amang'anja ankamutcha Matekenya, lomwe linkachokera kumunsi ku Morumbala litanyamula mfuti. Amishoni a UMCA, amene anasamuka ku Magomero kudzakhala kwa Chibisa mu 1862 bishopu wawo Charles Mackenzie atamwalira, anaona ndi maso awo midzi ikutha. Alonda a m'midzi imeneyo sanachite khungu. Ankauona utsi wa midzi yoyaka, ankazimva mfuti. Chimene chinasowa ndi oyankha mfuu, pakuti ena anali atafa ndi njala, ena atathawira m'zisumbu ndi m'mabango, ndipo otsalawo mauta awo sakanalimbana ndi wonga.

M'mpata umenewo munalowa Amakololo, amuna ochepa amene Livingstone anabwera nawo kuchokera kumtunda kwa Zambezi n'kuwasiya m'chigwa atawapatsa mfuti. Kasisi, Chipatula, Mlauli, Maseya, Katunga ndi anzawo anamanga malinga m'mbali mwa Shire, ndipo anthu othawa nkhondo ndi njala anakhamukira m'menemo. Tisawachepetse: linga linapulumutsa anthu ambiri, ndipo Amakololo anatsekera ogwira akapolo ndi Angoni madooko a mtsinje. Koma chitetezo chimenecho chinali ndi mtengo wake. Amakololowo anagwetsa ufumu wa Lundu, mfumu yaikulu ya Amang'anja, analanda malonda a minyanga, ankatenga ana aakazi a eni dziko kukhala akazi awo, ndipo ankalimitsa anthu minda yawo. Chipatula anatchuka ndi nkhanza mpaka pamene George Fenwick, Mzungu wamalonda, anamuwombera mu 1884. Mlonda wa pachipata cha linga ankaona kutali kuposa mwana wa pachilindo, ndipo pambuyo pake panali mfuti zenizeni, koma sankamvera mudzi. Ankayang'ana kunja kuti mdani asalowe, n'kumayang'ananso mkati kuti munthu wa mfumu asathawe. Kuyambira pamenepo chigwachi chadziwa mitundu iwiri ya diso: loteteza onse, ndi loteteza mwini wake yekha.

Ulamuliro wa Angerezi, umene unakhazikika mu 1891 pambuyo pa mkangano wa Mpwitikizi Serpa Pinto ndi Mlauli mu 1889, unathetsa malinga koma sunabwezeretse diso kumudzi. Mesenjala ndi msilikali wochokera ku Chiromo, ku Port Herald (Nsanje ya lero) kapena ku Chikwawa ankabwera makamaka kudzawerenga nyumba ndi kusaka osakhoma msonkho. Gulu la apolisi la Nyasaland linakhazikitsidwa mu 1921, koma linali lochepa ndipo linkateteza kwambiri maboma, njanji ndi malo a Azungu. Nthawi imeneyi ndi imenenso inabala mlonda wolipidwa, munthu wogona panja ndi chibonga kuyang'anira thonje la kampani, katundu wa pasiteshoni kapena sitolo ya Mmwenye. Ntchitoyi inakula Lonrho itatsegula munda wa nzimbe wa Sucoma ku Nchalo mu 1965, womwe Illovo inautenga mu 1997. Mlonda wotere amalondera chuma cha wina pa malipiro ochepa, pakhomo pake penipeni pali pululu. Ena amati nthawi yabwino inali ya Kamuzu, pamene munthu ankasiya njinga panja n'kuipeza mmawa. Mwina umbanda unalidi wochepa, koma funsani chimene Apayoniya ndi ayufi ankayang'ana atayima pachipata cha msika. Ankafuna khadi la chipani, ndipo ankamvetsera amene wanyoza boma. Bata limenelo linkachokera ku mantha, ndipo diso limenelo linali la linga, losayankha kwa anthu amene linkawayang'ana.

Nkhondo ya ku Mozambique inasinthanso zinthu. Kuyambira cha mu 1986 anthu othawa nkhondo anadzaza chigwa, m'misasa ngati ya Mankhokwe, Tengani ndi Nyamithuthu, moti inafika nthawi pamene othawa kwawo ku Nsanje anachuluka kuposa eni boma. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 anthu anabwerera, koma mfuti zambiri sizinabwerere m'nkhokwe za boma lililonse, ndipo malire a kuno ndi mtsinje, dambo ndi phiri lopanda mpanda. M'chigwa chimene chuma cha banja chimagona m'khola, zimenezi zinatanthauza kuti ng'ombe ikhoza kutuluka usiku ku Ngabu n'kucha ili kutsidya kapena ili kale pambedza ya butchala. Apolisi anali kutali ndiponso opanda galimoto. Yankho lomwe linapezeka mu 1997, ndipo kenako linalowa m'lamulo la apolisi la mu 2010, linali chitetezo cha m'madera: anthu a m'mudzi osankhana okha, oyenda usiku ndi tochi ndi kherere, ogwira ntchito ndi mfumu ndi apolisi. Kumeneku kunali kubwerera ku nzeru ya pachilindo. Koma mfuu yopanda bwalo ndi yoopsa ngati diso lopanda mfuu. Mu March 2016 khamu la anthu ku Nsanje linatentha anthu 7 powaganizira kuti anali ndi mafupa a munthu, pa nthawi imene dziko linali ndi mantha chifukwa cha kuphedwa kwa anthu achialubino. Oyankha anabwera ambiri ndiponso msanga, koma panalibe woweruza.

Tsopano tione kamera ija poyera. Kuti igwire ntchito imafuna moto, netiweki ndi ndalama. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'dziko lonse nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse n'zimene zinkaunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Ambiri a m'chigwa, tsono, adzadalira kamera ya sola ndi batire, yolowetsa simu ya Airtel kapena TNM, ndipo simuyo imadya bandulo mwezi ndi mwezi. Batire silikondana ndi kutentha, pomwe ku Nsanje ndi ku Ngabu mu October ndi November kumadutsa madigiri 40. Ndipo nthawi imene katundu amabedwa kwambiri ndi imene chipangizochi chimafooka. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Madzi osefukira a mu 2015, a Idai mu 2019 ndi a Freddy mu 2023 anasamutsa mabanja ambirimbiri kupita m'misasa ya pasukulu, nyumba ndi makola zitatsala zokha. Mitambo ikaphimba sola kwa masiku angapo, nsanja ya netiweki n'kuzima, mwini nyumba ali pamsasa ku Bangula, kamera ija sikhalanso mlonda. Ngakhale itamutumizira chithunzi cha munthu akudenula malata, iye adzawoloka bwanji?

Wotsutsa adzati zonsezi n'zoona, komabe kamera ili ndi zimene mlonda wamunthu alibe. Siodzera, siilandira chiphuphu, siigwirizana ndi akuba, ndipo koposa zonse imasunga umboni. Mfundo imeneyi ndi yolemera ndipo ndikuivomera. Milandu yambiri ya kuba ng'ombe imafera pa kusowa mboni, pakuti woona amaopa kutchula mwana wa mnansi. Chithunzi chooneka bwino chingamasule lilime la mboni, ndipo chingapulumutse mnyamata wosalakwa amene mudzi unamuloza chala chifukwa choti ndi mlendo kapena sagwirizana ndi mfumu. Koma umboni umakhala umboni ukafika kwa wapolisi wofufuza ndi kwa woweruza. Chithunzi cha usiku, chotuwa, cha munthu wovala chipewa, chikayamba chazungulira pa WhatsApp chisanafike kupolisi, chimasanduka mfuu yofulumira kuposa ng'oma iliyonse imene makolo anaimbapo, ndipo khamu likhoza kukafikira pa munthu wongofanana naye. Chitsanzo chabwino cha zipangizo zolondera chili m'chigwa momwemu. Nkhalango ya Majete, yomwe nyama zake zinali zitatha, inaperekedwa m'manja mwa African Parks mu 2003, ndipo bungweli limanena kuti chibwezeretsereni zipembere ndi njovu silinatayepo ngakhale imodzi kwa opha nyama mozemba. Kumeneko kuli mpanda wamagetsi, mawailesi ndi makamera a m'tchire, koma kulinso asilikali olondera amene amayenda pansi tsiku ndi tsiku, makhoti amene amazenga milandu, ndi midzi yozungulira imene imaonapo phindu. Chotsani anthuwo, makamerawo adzangojambula mmene nyama zikuthera.

Patsala funso limene ogulitsa salitchula, la kumene diso limeneli likuloza. Nyumba za m'midzi ndi m'misika ya kuno n'zoyandikana, mipanda ndi ya udzu kapena palibe, ndipo kamera yokhomedwa pamwamba pa golosale imaonanso khonde la mnansi, njira ya kumjigo ndi bafa lopanda denga. Ndime 21 ya Malamulo Oyendetsera Dziko imapatsa munthu aliyense ufulu wosalowereredwa m'zachinsinsi zake, ndipo mu 2024 dziko linakhazikitsa lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, loyang'aniridwa ndi MACRA. Mayi wosamba kuseri kwa nyumba yake sayenera kudikira khoti kuti ulemu wake usungike. Ndiponso wakuba si wopusa. Akaona kuti khola la mwini ng'ombe 50 lili ndi kamera ndi getsi, amapita kwa mkazi wamasiye wa mbuzi zitatu. Kamera yoyang'ana chipata cha mwini wake yekha sichepetsa umbava m'mudzi, imangoukankhira kwa osauka, monga mmene okhala kunja kwa linga la Chipatula ankatsalira pambalambanda.

Sindikunena kuti anthu asagule makamera. Wa golosale, mwini chigayo, komiti ya sukulu kapena ya chipatala chaching'ono ali ndi chifukwa chabwino chokhalira nayo. Koma inu amene mukufuna kugula, yambani mwakhala pansi ndi anansi anu, muwaonetse pamene kamerayo ikufika, ndipo muipotoze ngati ikusuzumira m'nyumba mwawo. Uthenga wake ukalira usiku, uzifikanso pa foni ya wapampando wa chitetezo cha m'mudzi, osati ya inu nokha. Mafumu athu, a Lundu, a Ngabu, a Tengani, a Malemia ndi ena onse, akhazikitse m'madera mwawo kuti chithunzi cha woganiziridwa chizipita kupolisi chisanapite pagulu la WhatsApp, ndipo wofalitsa chithunzi chimene chaphetsa munthu aziyankha mlandu. Apolisi nawo akalandira umboni wotere abwere tsiku lomwelo, pakuti akachedwa anthu adzaweruza okha.