Sitima ya Chauncy Maples ndi Nkhondo Yolimbana ndi Dzimbiri

Sitima ya pamadzi imayamba kukalamba kunsi, kumene maso saona. Amisiri a ku Glasgow ankadziwa zimenezi pamene anapanga Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya U.M.C.A., m'chaka cha 1899. Poopa dzimbiri, anakutira zitsulo zake ndi zinki, yemwe uja amakutira malata a nyumba. Tsoka ilo, zinkiyo anaphimba manambala amene anali atalembedwa pa chidutswa chilichonse.

Zidutswazo, zoposa 3,000, zinadzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire, ndipo pa mathithi anthu anachita kusenza pamutu. Zitafika kwa Mponda, olumikiza anavutika kusanthula chidutswa ndi chinzake, mwakuti sitimayo inalowa m'madzi mu 1901.

Zinki amatha, ndipo akatha ntchito imatsalira utoto. Sitima za m'nyanja zamchere amazipaka kunsi utoto wofiira wokhala ndi mkuwa, woletsa tizilombo ta zigoba kumatirira. Wina waukali, wotchedwa TBT, unaletsedwa mu 2008 chifukwa unkaononga zamoyo za m'madzi. Nyanja ya Malawi ilibe mchere. Adani kuno ndi ndere ndi dzimbiri. Chotero wokonza sitima yakale ayenera kupala mpaka chitsulo chiyere asanapake, pakuti utoto wopaka pa dzimbiri umangobisa bala.

Mu 1967 sitimayi inalandira injini ya dizilo. Ntchito yoisandutsa chipatala choyenda panyanja, imene inkachitikira ku Monkey Bay, siinafike kumapeto.