Bwalo Loweruza Ukulu wa Malonda

Pamene Pulezidenti Eisenhower anasaina lamulo lokhazikitsa bungwe la Small Business Administration m'chaka cha 1953, boma la Amereka linalonjeza kuti pa katundu ndi ntchito zimene limagula, padzakhala gawo la amalonda ang'onoang'ono. Koma lonjezolo linabala funso limene lavutitsa akuluakulu kufikira lero, lakuti wamng'onoyo ndani. Pakuti pamene pali nyama afisi sasowa, ndipo makampani olemera anayamba kudza atavala chikopa cha nkhosa, nabisala kuseri kwa timakampani timene iwo omwe anali kutidyetsa.

Chifukwa chake m'chaka cha 1983 akuluakulu a bungwelo anatsegula ofesi ya apilo, Office of Hearings and Appeals, naikapo mkulu woyang'anira oweruza ake, kuti munthu amene bungwelo lamugamula kuti wakula, kapena lamuchotsa pa thandizo lake lotchedwa 8(a), akhale ndi bwalo lokadandaulako.

Kumeneko mlandu umazengedwa ndi mapepala, kopanda khamu kapena mfuu. Woweruza amawerenga antchito, popeza m'mafakitale ambiri malire ndi anthu 500, ndipo akapeza kuti kampani ina ikulamulira wodandaulayo, amaphatikiza antchito a onse awiri monga a nyumba imodzi. Ife timati mlandu suwola, koma kumeneko umawola msanga, pakuti pa mlandu wa ukulu wa malonda, wochedwa kudandaula kupitirira masiku 15 amapeza chitseko chotseka. M'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utagwa, bwalo lomweli linapatsidwanso madandaulo a ngongole za PPP, zothandiza amalonda pa mliriwo.