Laisensi Yoyendetsera Galimoto ku Zimbabwe kwa Amalawi Okhala ku Chitungwiza

Laisensi yoyendetsera galimoto ku Zimbabwe imaperekedwa potsatira lamulo lotchedwa Road Traffic Act, mutu 13:11, ndipo ntchito yonseyi ili pansi pa unduna wa zamtengatenga. Nthambi ziwiri za undunawu ndizo zimagawana ntchitoyi. Vehicle Inspection Department, imene aliyense amangoti VID, ndiyo imayesa anthu, pomwe Central Vehicle Registry, kapena kuti CVR, imasunga kaundula wa madalaivala ndi kutulutsa laisensi yeniyeniyo. Mlendo wongodutsa amaloledwa kuyendetsa ndi laisensi ya kwawo kwa kanthawi, koma amene wakhazikika m'dzikomo chifukwa cha ntchito, banja kapena sukulu amayenera kupeza ya ku Zimbabwe. Kwa anthu ochokera ku Malawi okhala ku Chitungwiza, chovuta chachikulu nthawi zambiri sichikhala pachiwongolero. Chimakhala pa zitupa zimene munthu ayenera kuonetsa asanaloledwe n'komwe kulemba mayeso.

Chitungwiza ndi anthu ake

Chitungwiza ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 25 kummwera kwa Harare. Inakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza malokeshoni atatu, Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo kalembera wa mu 2022 anapeza kuti muli anthu oposa 370,000. Ambiri amangogonako, ntchito amakagwira ku Harare. Mbandakucha uliwonse msewu wa Seke Road umadzaza ndi maminibasi amene kumeneko amati makombi, mabasi, ndi tigalimoto tamatola totchedwa mushikashika, zonse zitapakira anthu pa Makoni, pa Chikwanha ndi pa Huruyadzo. M'tawuni yotere, momwenso ntchito zolembedwa ndi zosowa, laisensi ili ngati khasu kwa mlimi: amene ali nayo akhoza kugwira kombi, lole kapena galimoto yoperekera katundu, banja n'kudya.

Amalawi anayamba kukhamukira kuderali kalekale, dzikolo likadali Southern Rhodesia. Ena ankapita wapansi kudzera ku Tete, ena ankatengedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito limene makolo athu ankalitcha Mthandizi, ndipo ulendowu unakula m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963. Ankagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Ambiri sanabwerere, anasanduka machona. Zidzukulu zawo zilipo zambiri ku Chitungwiza, ndipo gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, amavinidwabe. Oimba otchuka a nyimbo za sungura Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso, amene mbiri yawo ndi yolukana ndi tawuniyi, onse ndi a magazi a ku Malawi, ndipo Zakaria anasiyako kuimba m'zaka za m'ma 1990 n'kukayendetsa malole.

Choncho polankhula za "mlendo" wofuna laisensi ku Chitungwiza pali anthu a magulu awiri osiyana kwambiri. Pali amene wabwera posachedwa ndi pasipoti ya Malawi, mwina laisensi ya kwawo ili m'thumba. Ndiye pali amene anabadwira konko, amalankhula Chishona kuposa Chichewa, ku Malawi sanapondeko, koma mapepala a boma amamutchabe mlendo kapena samudziwa n'komwe.

Obadwira ku Zimbabwe ndi nkhani ya zitupa

Palibe amene amalemba mayeso ku VID popanda chitupa cha boma kapena pasipoti. Apa m'pamene ana ndi zidzukulu za machona amakodwa. Kwa zaka zambiri, munthu wobadwa kwa makolo ochokera ku Malawi, Mozambique kapena Zambia ankapatsidwa chitupa cholembedwa mawu akuti ALIEN, pomwe cha nzika chimalembedwa CIT. Mu 2001 boma linasintha lamulo la unzika n'kulamula kuti aliyense amene angakhale ndi unzika wa dziko lina aukane motsatira malamulo a dzikolo. Anthu ambiri sanathe, chifukwa ankauzidwa kuti akane unzika wa Malawi umene sanakhalepo nawo pa pepala lililonse, ndipo anatsala m'malere. Zimenezi zinachitika nthawi yomwe mafamu a azungu ankalandidwa, kuyambira mu 2000, pamene mabanja ambiri a antchito a m'mafamu anabalalika n'kulowa m'matawuni, mapepala ena n'kutayikira m'njira.

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anakonza nkhaniyi. Gawo 43 limati munthu amene anabadwira m'dzikomo malamulowo asanayambe kugwira ntchito, kholo lake limodzi kapena onse awiri ali nzika za dziko la m'bungwe la SADC, iye n'kukhala akukhala ku Zimbabwe, ndi nzika yobadwa nayo. Munthu wotere akhoza kupita ku ofesi ya kaundula wa anthu, imene likulu lake lili ku Makombe mumzinda wa Harare, kukasintha chitupa chake. Ndi chinthu choyenera kuchita asanayambe za laisensi, kuti dzina, tsiku lobadwa ndi nambala zikhale zofanana pa mapepala onse.

Ovutika zedi ndi amene alibe ngakhale kalata yakubadwa. Chitupa chimaperekedwa kwa amene ali ndi kalatayo, ndipo kalatayo imafuna zitupa za makolo kapena achibale oti achitire umboni. Agogo akakhala kuti anafika mu 1955 opanda pepala, namwalirira pafamu ku Mazowe, vutolo limatsikira kwa mwana, kenako kwa mdzukulu. Bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti pa nkhaniyi mu 2021, losonyeza momwe anthu otere amalepherera kulemba mayeso a sukulu, kupeza ntchito ndi kulandira chithandizo. Laisensi ili m'gulu lomwelo la zinthu zimene amamanidwa. Mnyamata akhoza kukulira pa siteji ya makombi, kuyamba ngati woitanira, amene kumeneko amati hwindi, kuphunzira kuyendetsa bwinobwino, koma njira yopitira ku VID n'kukhala yotsekeka. Ena amathera poyendetsa mushikashika popanda chiphaso, kumangozemba apolisi. N'zomvetsa chisoni kuti luso limene likanadyetsa banja mwaulemu limasanduka mlandu chifukwa cha pepala limene agogo ake sanapatsidwe zaka 70 zapitazo.

Wobwera ndi laisensi ya ku Malawi

Mmalawi safuna viza kuti akacheze ku Zimbabwe, koma chidindo cha pachipata cha Nyamapanda ndi cha mlendo basi. Kuti awerengedwe ngati wokhala m'dzikomo ayenera kukhala ndi chilolezo cha ku Immigration, cha ntchito, cha sukulu kapena chokhalira, ndipo chilolezochi ndicho maziko a zonse zotsatira.

Malawi ndi Zimbabwe onse ali mu SADC, ndipo pangano la bungweli pa zamtengatenga ndi zamtokoma, limene linasainidwa ku Maseru mu 1996, limati mayiko azilemekeza malaisensi a anzawo. N'chifukwa chake dalaivala wa lole wochokera ku Blantyre amadutsa Mwanza, Zobue, Tete ndi Nyamapanda mpaka ku Harare ndi laisensi imodzi yomweyo. Wokhazikika yekha ndiye amafunika kusintha, ndipo kusinthako kumachitikira ku CVR ku Harare. Amapita ndi laisensi yeniyeniyo, pasipoti yokhala ndi chilolezo, komanso kalata yochokera ku ofesi imene inatulutsa laisensiyo yotsimikiza kuti si yachinyengo. Ku Malawi ofesiyo ndi Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene tonse timangoti ku Road Traffic. Munthu wanzeru amatenga kalatayi asananyamuke kumudzi, chifukwa kuitanitsa ali kale ku Chitungwiza kumadya nthawi ndi ndalama. Laisensi yotha ntchito, kapena yokhala ndi dzina losiyana kalembedwe ndi la papasipoti, imabweretsa chisokonezo. Amene zalephereka amangoyambira pachiyambi ngati wophunzira wina aliyense.

Pamsewu penipeni Mmalawi sasochera kwambiri, pakuti mayiko onsewa amayendetsa kumanzere. Ku Zimbabwe liwiro lololedwa m'tawuni nthawi zambiri ndi makilomita 60 pa ola, ndipo pamisewu ikuluikulu galimoto zing'onozing'ono zimaloledwa kufika 120. Pamphambano yopanda zikwangwani kapena maroboti, dalaivala amapatsa mpata galimoto yochokera kumanja kwake. Lamuloli ndi lofunika kuligwiritsa, chifukwa magetsi amazimazima ndipo maroboti amakhala akufa kawirikawiri.

Mayeso a ku VID

Chitungwiza ili ndi ofesi yakeyake ya VID, ndipo ena amakalembera ku Eastlea kapena ku Belvedere mumzinda wa Harare. Mayeso oyamba ndi a malamulo apamsewu, ndipo wokhoza amalandira chiphaso cha wophunzira chimene aliyense amachitcha provisional. Mafunso ndi 25, nthawi ndi mphindi 8, ndipo wofuna kuyendetsa galimoto wamba ayenera kukhoza 22. Nthawiyo ndi yochepa moti munthu sangayambe kuganizira funso lililonse ali m'chipinda. Ayenera kulowa atawadziwa kale. Amene amagwetsa ambiri ndi mafunso a zithunzi, momwe galimoto zitatu kapena zinayi zakumana pamphambano ndipo wolemba anene yoyamba kudutsa ndi yomaliza. Kale ankalemba papepala, koma kuyambira mu 2019 boma linayamba kulembetsa pa kompyuta, n'cholinga choti zotsatira zizituluka pompopompo popanda dzanja la munthu kulowererapo.

Buku la Highway Code ndi timabuku ta mafunso oyeserera timene timagulitsidwa m'misewu timapezeka kwambiri m'Chingerezi. Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo aakulu a Zimbabwe, koma amene sukulu anailekera panjira amavutika kawiri ndi mabuku a m'Chingereziwa.

Provisional imagwira ntchito miyezi 12. M'nthawi imeneyi wophunzira amayendetsa galimoto yomatidwa chilembo L kutsogolo ndi kumbuyo, pambali pake pali mlangizi. Masukulu ophunzitsa kuyendetsa ndi ambiri ku Chitungwiza, ndipo amalipiritsa pa phunziro lililonse, nthawi zambiri m'madola a ku America, ngakhale kuti kuyambira mu 2024 dzikoli lili ndi ndalama yake ya ZiG.

Mayeso achiwiri amayambira m'bwalo la VID. Gawo loopedwa kwambiri ndi la migolo, limene Ashona amati madhiramu: wophunzira amabwerera m'mbuyo n'kulowetsa galimoto pakati pa migolo yondandalikidwa, ndipo kungogunda umodzi mayeso athera pomwepo. Palinso kuimika galimoto m'mbali mwa msewu pakati pa zinzake, kutembenuka pamsewu wopapatiza, ndi kunyamuka pachitunda galimoto osabwerera m'mbuyo, pamene phazi la pa klatchi ndi dzanja la pa handibuleki ziyenera kumvana. Wopambana m'bwalo ndiye amatuluka ndi woyesa kukayendetsa m'tawuni.

Ziphuphu pa mayesowa ndi nkhani yodziwika m'dziko lonse, ndipo unduna wa zamtengatenga unachotsapo oyesa ena ntchito ndi kufafaniza malaisensi operekedwa mwachinyengo. Kunja kwa mipanda ya maofesi kumakhala anthu onga madobadoba a kwathu, olonjeza kufulumizitsa zinthu. Kwa mlendo njira imeneyi ndi yoopsa koposa, chifukwa kugwidwa ndi laisensi yabodza kukhoza kumutayitsa ndi chilolezo chokhalira m'dziko chomwe. Komanso mtengo weniweni wa laisensi yogula umalipiridwa pamsewu. Anthu pafupifupi 2,000 amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse ku Zimbabwe, ndipo anthu a ku Chitungwiza sadzaiwala za pa 22 July 2025, pamene lole inaphwanya kombi pa Seke Road pafupi ndi mlatho wa mtsinje wa Manyame, anthu 17 n'kufa.

Kuchoka pa chitsulo kupita pa pulasitiki

Kwa zaka zambiri laisensi ya ku Zimbabwe inali kachitsulo kokhala ndi chithunzi cha mwini wake, kosatha ntchito moyo wonse, ndipo inali m'magulu asanu. Class 1 inali ya mabasi, Class 2 ya malole, Class 3 ya njinga zamoto, Class 4 ya galimoto wamba, ndipo Class 5 ya mathirakitala ndi makina omangira misewu. Munthu ankayamba Class 4 ali ndi zaka 16, Class 2 ali ndi zaka 18. Mayina amenewa akadali pakamwa pa anthu, ndipo zotsatsa ntchito zambiri zimanenabe kuti pakufunika dalaivala wa Class 2. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 2010 CVR inalephera kupanga zitsulozi chifukwa chosowa zipangizo, moti anthu zikwi mazanamazana anayendetsa kwa zaka ndi kapepala kabuluu kosonyeza kuti anakhoza, kamene kunja kwa dziko sikankathandiza kwenikweni.

Mu June 2023 nduna ya zamtengatenga, Felix Mhona, inakhazikitsa laisensi yatsopano ya pulasitiki, yogwirizana ndi dongosolo limodzi la mabungwe a SADC, COMESA ndi East African Community. Magulu ake amalembedwa ndi zilembo: A ya njinga zamoto, B ya galimoto wamba, C ya malole, D ya mabasi, ndipo E amawonjezeredwa pamene galimoto ikukoka ngolo. Kwa wochokera ku Malawi izi zapepukitsa zinthu, chifukwa B ya kwathu ndi B ya kumeneko tsopano zikunena chinthu chimodzi. Khadi latsopanoli limatha pakapita zaka 5, ndipo mwini wake amayenera kukalitsitsimutsa.

Wofuna kunyamula anthu pa malipiro, pa kombi kapena pa basi, laisensi yokha siikwanira. Amafunika akhale atayendetsa zaka zosachepera 5, akhale ndi kalata ya dokotala, azibwerera ku VID kukayesedwanso, ndiponso akhale ndi satifiketi ya kuyendetsa mopewa ngozi yochokera ku Traffic Safety Council of Zimbabwe. Makampani ambiri a malole oyenda mtunda wautali, kuphatikizapo odutsa njira ya Tete kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe, amafunanso satifiketi yomweyi pamodzi ndi pasipoti asanalembe munthu ntchito.