Pakhomo pa Dansi: Mbiri ya Kusonkhanira Nyimbo mu Mzinda wa Zomba

Nkhani ya lero ikuchokera ku Zomba, m'mbali mwa mtsinje wa Likangala. Mtsinje umenewu umatsika kuchokera kuphiri, nudutsa pafupi ndi Mpondabwino ndi Chikanda, mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa. Anthu okhala m'mbali mwakemo akhala akumva nyimbo za mitundumitundu kwa zaka zoposa 100: ng'oma za m'midzi, malipenga a asilikali, magitala a anyamata, ndiponso zokuzira mawu za masiku ano. Nyimbo zasintha kwambiri, koma chizolowezi chimodzi sichinasinthe. Munthu sapita yekha kudansi. Amayamba waitana anzake, nagwirizana za ulendo ndi za ndalama, ndipo akafika amapeza munthu ataima pakhomo amene amanena woti alowe ndi woti abwerere. Mbiri ya madansi a ku Zomba ndi mbiri ya khomo limeneli.

Kale, mzinda usanamangidwe, khomo panalibe. Amang'anja, Ayao, ndipo pambuyo pake Alomwe amene anadza kuchokera ku Mozambique, ankavina pabwalo. Manganje ankalira pa nthawi ya zinamwali, amayi ankavina likwata, ndipo Alomwe anabwera ndi tchopa. Ng'oma ikamveka kutsidya kwa mtsinje, anyamata ndi atsikana ankaitanizana nauyamba ulendo usiku kuli mwezi. Woyimba, wovina ndi woonerera sankasiyana kwenikweni, pakuti woomba m'manja naye anali mbali ya gule. Nchifukwa chake akuluakulu ankati gule ndi wa aliyense, kulakwa nkuthyola mwendo.

Zinthu zinayamba kusintha m'chaka cha 1891, pamene Harry Johnston anakhazika likulu la boma la atsamunda ku Zomba. Pamodzi ndi maofesi aboma panabweranso asilikali, ndipo m'chaka cha 1902 magulu awo analowa m'gulu lalikulu la King's African Rifles, limene anthu ankangoliti Keyala. Asilikali ameneŵa anali ndi bandi yawo ya malipenga a mkuwa ndi ng'oma zachizungu, ndipo anthu ankathamangira kumsewu kukaonerera akamaguba. Amuna amene anabwerako kunkhondo ya 1914 mpaka 1918 anathandiza kufalitsa gule wa beni, amene dzina lake linachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza gulu la oyimba. Ovina beni ankavala ngati asilikali, napatsana maudindo a usajeni ndi ukaputeni, naguba pa mizere. Magulu a midzi yosiyana ankapikisana, ndipo gulu likamapita kumudzi wina, abale ndi abwenzi ankaliperekeza. Ameneŵa ndiwo anali maulendo oyamba okaonerera bandi m'dera limeneli, ngakhale kuti bandiyo inali ya ng'oma za zikopa ndi mawezulo.

Koma m'tauni momwemo munali malo ena amene munthu wakuda sankaloledwa kukasangalalamo. Ku Zomba Gymkhana Club azungu ankachita madansi awo, ndipo Mmalaŵi ankalowamo ngati wantchito, woperekera zakumwa kapena wophika. Nyimbo zinkatuluka pa mazenera nkumveka kunja, koma khomo linali lotseka. Mlonda woyamba wa pakhomo pa dansi ku Zomba anali khungu la munthu.

Anthu sanakhale pansi kudandaula. Amuna opita ku Wenela, kumigodi ya ku Johannesburg, ndi ena ogwira ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ankabwera kumudzi ndi magalamafoni, mbale za nyimbo, mabanjo ndi magitala. Kuyambira m'chaka cha 1949 kunafalanso wailesi yotsika mtengo yotchedwa Saucepan Special, imene inkagwira nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka. Nyumba imene inali ndi galamafoni kapena wailesi inkasanduka holo Loweruka madzulo. Anyamata osowa ndalama ankadzipangira okha zoyimbira: banjo ya chigubu cha mafuta ndi mawaya, ng'oma ya chikopa cha mbuzi, ndi chida chachikulu cha waya mmodzi chotulutsa mawu a besi. Magulu otere anthu ankawatcha majazi bandi, ndipo ankayimba m'misika, pa maukwati ndi pamalo omwera mowa. Kunalibe tikiti. Wofuna nyimbo ankaponya khobidi m'mbale, ndipo anzake onse ankavina pa khobidi lomwelo.

Dziko litalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964, nyumba youlutsira mawu ya Malaŵi Broadcasting Corporation inayamba ntchito yake, ndipo oyimba a m'dziko muno anayamba kumveka kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald a ku Chileka anatchuka ndi kwela ndi simanjemanje. Morson Phuka anatsogolera Jazz Giants. Robert Fumulani anali ndi Likhubula River, ndipo Allan Namoko wa ku Thyolo, munthu wosaona, anali ndi Chimvu Jazz Band. Apolisi ndi asilikali nawo anali ndi mabandi awo amene ankasangalatsa anthu m'madansi.

M'zaka zomwezo kunja kunali kutawomba mphepo ina. Nyimbo za rock, zoyimbidwa ndi magitala amagetsi, zinali zitagwira mitima ya achinyamata ku Ulaya ndi ku America. Mu August 1969 anthu pafupifupi 400,000 anasonkhana pamunda wina m'chigawo cha New York pa chikondwerero cha Woodstock, nakhala masiku angapo akumvera oyimba monga Jimi Hendrix. Achinyamata a kuno ankamva The Beatles ndi The Rolling Stones pa mbale zobwerekana, kapena usiku pa wailesi ya LM Radio ya ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. Ku Zambia mbewu imeneyi inamera bwino. Magulu monga WITCH ndi oyimba monga Paul Ngozi ndi Rikki Ililonga anapanga mayimbidwe otchedwa Zamrock, ndipo boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za eni dziko.

Ku Malaŵi zinthu zinayenda mosiyana, pakuti pakhomo panaima mlonda wachiwiri, ndiye boma. M'chaka cha 1968 kunakhazikitsidwa lamulo loyang'anira mabuku, mafilimu, nyimbo ndi zisangalalo, ndipo wofuna kuchititsa chisangalalo cha anthu ambiri ankayenera kupeza chilolezo. M'chaka cha 1973 kunadza lamulo la kavalidwe, loletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi osaphimba maondo. M'nyengo yomweyo amuna analetsedwa kusunga tsitsi lalitali, ndipo mathalauzi otambalala kumapazi sankaloledwa. Alendo atsitsi lalitali ankametedwa pofika pabwalo la ndege. Nyimbo ya Simon and Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa chifukwa dzinalo linafanana ndi la Mayi Cecilia Kadzamira. Tsono tsitsi ndi zovala zimene zinali chizindikiro cha okonda rock m'maiko ena, kuno zinali mlandu. Khamu lalikulu limene linkaloledwa mosavuta linali la pamsonkhano wa chipani, pamene amayi a mbumba ankavina pamaso pa Dr. Kamuzu Banda.

Chodabwitsa nchakuti chaka chomwecho cha 1973 ndicho chinabweretsa achinyamata ambiri ku Zomba. Sukulu ya ukachenjede ya Chancellor College inasamuka kuchoka ku Chichiri mu Blantyre nkudzakhala ku Chirunga, pafupi ndi Likangala. Patangopita zaka 2, mu 1975, likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe, ndipo Zomba inasanduka mzinda wa ophunzira, asilikali, apolisi ndi akaidi. Ophunzira ochokera m'zigawo zonse 3 ankagona m'nyumba zimodzi, nabwerekana mbale ndi makaseti, nachita madansi awo m'kati mwa sukulu. Mnyamata wa ku Karonga ndi wa ku Mulanje, amene makolo awo sanaonanepo, ankapezeka akusonkherana ndalama ya basi yopita ku Blantyre, ulendo wa makilomita oposa 60, kukamvera bandi. Kumeneko kunali magulu oyimba ndi zida zamagetsi monga Sounds Pentagon, mmene munali Wambali Mkandawire ali mnyamata, ndipo pambuyo pake Kalimba ndi Makasu. M'zaka za m'ma 1980 sukuluyi inali ndi holo yake yaikulu ya Great Hall ndi gawo lophunzitsa zaluso, ndipo makwaya ochokera m'maboma osiyanasiyana ankadzasonkhana kumeneko kudzaphunzira ndi kudzayimba pamodzi.

M'masiku amenewo bwenzi lopita nalo kudansi linali nkhani yofunika kuiganizira bwino. Anthu ankadziwa kuti m'khamu lililonse mukhoza kukhala kazitape, ndipo mawu olankhulidwa mowa uli m'mutu ankatha kufikitsa munthu ku Mikuyu, ndende imene inali kunja pang'ono kwa mzinda womwewo. Munthu ankasankha anzake amene angathe kuseka nawo mopanda kucheuka. Maubwenzi ambiri amene anayambira pa nyimbo m'zaka zimenezo anakhalitsa kaamba ka chifukwa chimenechi: anali atayesedwa.

Khomo linatseguka pambuyo pa riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994. Lamulo la kavalidwe linafafanizidwa, ndipo oyimba anayamba kutchula poyera zimene kale zinkanenedwa mophiphiritsa. Mayimbidwe amene anadzaza maholo sanali rock koma reggae. Ku Balaka, kumene Paul Banda anayambitsa Alleluya Band m'chaka cha 1978, kunatuluka mng'ono wake Lucius Banda, amene anthu anamutcha Soldier chifukwa choyimbira amphawi. Ku Chileka kunatuluka Evison Matafale ndi Black Missionaries. Matafale anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu November 2001, ndipo imfa yake inakumbutsa anthu kuti mlonda wakale uja anali asanapite kutali. Kwa zaka zambiri pambuyo pake anthu akhala akusonkhana ku Chileka kumukumbukira ndi nyimbo. Ku Zomba nako mabandi ameneŵa anayamba kudzayimba ku Gymkhana Club komwe kuja, ndipo adzukulu a operekera zakumwa aja analowa pakhomo lakumaso.

Kenaka inafika nyengo ya zikondwerero za masiku angapo. M'chaka cha 2004 Will Jameson wa ku Britain anachititsa Lake of Stars koyamba ku Chintheche m'boma la Nkhata Bay. Mu 2010 Lucius Banda anayambitsa Sand Music Festival, ndipo mu 2014 Menes La Plume, wothawa kwawo wochokera ku Congo, anayambitsa Tumaini Festival kumsasa wa Dzaleka m'boma la Dowa, kumene anthu ankalowa osalipira. Apa ndi pamene mlonda wachitatu anaonekera bwino, ndiye ndalama. Ulendo wa kunyanja umafuna tikiti, galimoto, pogona ndi chakudya cha masiku 3. Mphunzitsi kapena kalaliki wa ku Chinamwali sangathe zonsezi payekha. Motero abwenzi amayamba kusonkha miyezi ingapo nthawi isanakwane, nabwereka minibasi imodzi, nagona anthu angapo m'tenti imodzi, wina atanyamula mbaula, wina ufa, wina ndiwo. Nzeru yake ndi yomwe ija ya khobidi limodzi loponyedwa m'mbale.

Zomba inadabwitsanso dziko lonse kuchokera kumalo amene palibe ankayembekezera. M'chaka cha 2013 Ian Brennan wa ku America ndi mkazi wake Marilena Delli analoledwa kulowa m'ndende yaikulu ya Zomba, imene inamangidwa mu 1935, kukajambula nyimbo za akaidi ndi za ena mwa owayang'anira. Chimbale chake chinatuluka mu 2015, ndipo chinasankhidwa kupikisana nawo pa mphotho za Grammy za 2016, koyamba m'mbiri ya Malaŵi. Mphothoyo anatenga Angélique Kidjo wa ku Benin. Oyimba otchuka koposa a mu mzindawo pa nthawi imeneyo anali anthu amene sakanatha kutuluka kukayimbira khamu, ndipo khamu silikanatha kugula tikiti yokawamvera.

M'chaka cha 2020 mliri wa Covid-19 unatsekanso makomo onse, pamene boma linaletsa misonkhano ya anthu oposa 100. Oyimba anasowa pogwira, ndipo pamodzi nawo anavutika ogulitsa chipisi ndi kanyenya, akabaza, ndi eni nyumba zogona alendo, amene dansi ndiye munda wawo. Mliri utayamba kuchepa, mzindawu unapeza chikondwerero chakechake chotchedwa Zomba City Festival, chochitikira m'malo angapo a m'tauni, kuphatikizapo munda wa zomera umene unayambidwa m'masiku a Johnston, m'tsinde mwa phiri.

Funso limene linalipo mu nthawi ya atsamunda likadalipo, lakuti ndani alowe. Lamulo loyang'ana khungu linatha, loyang'ana tsitsi ndi thalauzi linathanso, koma mtengo wa tikiti ukhoza kubweza munthu pakhomo mosachita phokoso. Okonza zikondwerero, makhonsolo ndi makampani othandiza ali ndi mpata wosankha ngati mwana wa ku Mpondabwino adzamvera nyimbo ali m'kati, kapena ataima kuseri kwa mpanda monga anachitira agogo ake. Ndipo kwa achinyamata amene akukonza ulendo wotere, mwambo wa okaonerera beni uja ukadali wothandiza: onyamukira pamodzi abwererenso pamodzi, ndipo asanakwere galimoto ayambe awerengana.